Digiri ili m'chikwama, ntchito kulibe: mafunso ndi mayankho kwa ofuna kuyamba bizinesi ku Mzuzu

Chaka ndi chaka Yunivesite ya Mzuzu (Mzuni), Yunivesite ya Livingstonia (Unilia), Mzuzu Technical College ndi makoleji ena a kumpoto kuno amatulutsa achinyamata ambirimbiri, pomwe olemba ntchito mumzinda muno ndi omwe aja: maofesi a boma, mabanki, ESCOM, Water Board, masukulu, zipatala ndi mabungwe owerengeka. Ena amalowera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ena ku Joni. Koma alipo amene anatsala pompano n'kuyamba zawozawo, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amamveka kawirikawiri kwa amene akufuna kuchita chimodzimodzi.

Ndinamaliza sukulu zaka ziwiri zapitazo. Ndizingoponyabe makalata kapena ndiyambe geni?

Palibe lamulo loti musankhepo chimodzi. Kalata yofunsira ntchito imalembedwa usiku, geni imachitika masana. Chomwe chimawononga anthu ndi kukhala pakhomo n'kumati "ndikudikira ayitane". Ngakhale pulogalamu ya boma ya ma intern, yomwe inayamba mu 2018, ndi ya kanthawi: ikatha mumabwerera pomwe munali, kungoti zaka zawonjezekera.

Koma dziwani kuti kasitomala amamuzindikira munthu amene akugulitsa mongotayitsa nthawi. Lero mwatsegula, mawa mwatseka chifukwa mwamva kuti kwinakwake kuli intavyu, mkuja foni yanu siyikupezeka. Munthu wotere sabwererako kawiri. Ngati mwayamba, yambani ngati kuti ntchito sidzabweranso. Ikadzabwera mudzaona pomwepo.

Kodi anzathu amene anayamba kale akuchita mabizinesi anji?

Alipo magulu awiri. Loyamba ndi la amene anapita ndi zomwe anaphunzira kumsika. Mzuni, yomwe inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999, imaphunzitsa zinthu zingapo zomwe munthu angathe kugulitsa payekha. Amene anaphunzira za mphamvu ya dzuwa akuika masola m'nyumba, m'magolosale ndi m'minda ya mthirira, ndipo magetsi akamazimazima iwo ndiye foni zimalira. A zankhalango ena ali ndi nazale za paini ndi bulugamu, ena ali m'matabwa a ku Chikangawa, ena akuweta njuchi kapena kugula uchi kumidzi n'kumauthira m'mabotolo. A zansomba amakumba maiwe ndi kugulitsa mbewu ya nsomba. A zamakompyuta amakonza mafoni ndi malaputopu, kusindikiza mapepala, kujambula zikwangwani ndi makadi a ukwati. Aphunzitsi amatsegula sukulu za mkaka kapena makalasi a obwereza MSCE. A zokopa alendo ali ndi mwayi woti Nkhata Bay ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 okha, ndipo Nyika, Vwaza ndi Livingstonia alendo ambiri amafikako kudzera pa Mzuzu pompano.

Gulu lachiwiri, lomwe kunena zoona ndilo lalikulu, ndi la ogula n'kugulitsa: mpunga wa Kilombero kuchokera ku Karonga, tomato ndi anyezi wa pa Jenda, usipa wa kunyanja, nsapato ndi zitenje za ku Tanzania, mabelo a kaunjika, nkhuku zoyera ndi mazira. Musawapeputse. Ambiri a m'gulu loyamba lija mpamba wawo anaupeza mwa kugulitsa mpunga.

Kusiyana kwake n'koti geni yogula n'kugulitsa aliyense angathe kuyilowa mawa lomwe. Mukayamba nkhuku lero ku Chibavi, pofika Khirisimasi mupeza kuti mzere wanu wonse uli ndi makola, ndipo mtengo wagwa. Luso ndiye silikopeka msanga. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti nzeru ndi kuyamba ndi zogulitsa kuti ndalama izizungulira, koma maso ali pa chinthu chomwe oyandikana nawo sangachite.

Mpamba ndiutenga kuti? Kubanki akuti ndilibe chikole.

Akunena zoona, ndipo mwina akuthandizani pokukanizani. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongola dzanja chomwe mabanki amayendera kufika pa 26 peresenti, ndipo banki ikamabwereketsa munthu wamba imaikanso yake pamwamba. Bizinesi yongoyamba kumene, yomwe simunadziwe n'komwe ngati ili ndi makasitomala, singanyamule katundu wotere.

Thumba la boma lobwereketsa amalonda ang'onoang'ono lilipo, ndipo lakhala likusintha mayina: MARDEF, MEDF, NEEF. Kufunsira n'kololedwa, koma musamange mapulani anu onse pa ndalama yomwe simukudziwa tsiku lomwe ituluke. Ndiponso ndi ngongole, si mphatso. Anthu ambiri anaitenga ngati "ndalama za boma" ndipo mathero ake anali kuthawa foni.

Banki mkhonde ndi yachangu ndipo safunsa satifiketi ya nyumba, koma chiwongola dzanja chake chimawerengedwa pamwezi. Tinene kuti gulu lanu limatenga K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Mukatenga K200,000, pakutha pa mwezi mukufunika K240,000. Ngati ndalamayo mwagulira mpunga womwe utha m'masabata awiri, zitheka. Ngati mwagulira anapiye omwe afunika masabata asanu ndi limodzi musanagulitse ngakhale imodzi, mwadzimangirira nokha. Za katapila sitinena zambiri: musayerekeze.

Nanga amene zinawayendera anayamba bwanji? Ambiri ndi ndalama yochepa yakeyake: kaalawansi ka internship, ganyu yophunzitsa ana a eni madzulo, ganyu yolemba kafukufuku wa mabungwe kumidzi, chipereganyu ndi anzawo, laputopu yogulitsidwa. Ndipo pali mpamba wina womwe ophunzira amauiwala chifukwa suli m'mabuku: ndalama ya kasitomala. Woika masola salipira zipangizo ndi ndalama yake, amauza mwini nyumba apereke ya zipangizo kaye. Wophika makeke amalandira theka asanayatse uvuni. Pezani munthu mmodzi wovomera kulipira, kenako wachiwiri. Mukakhala ndi kope losonyeza malonda a miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale wobwereketsa amakuyankhulani mwaulemu wina.

Ndikugulitsa bwinobwino, katundu akutha, koma mpamba ukucheperachepera. Chikuchitika n'chiyani?

Kawirikawiri ndi zinthu ziwiri. China ndi chakuti mukudya mpamba osadziwa, ndipo tikambapo m'munsimu. China ndi kugwa kwa kwacha. Mu May 2022 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, ndipo pakati ponsepo mitengo siinaime.

Taonani. Mwapikula nsapato pa K10,000, mwagulitsa pa K13,000, mukusangalala kuti mwapha K3,000. Mukubwerera kokaoda mukupeza nsapato yomweyo ili pa K14,000. Phindu lija lapita, ndipo mwatsala ndi ndalama yosakwana kugula chomwe munali nacho. Mtengo wogulitsira muziuwerengera pa ndalama yomwe mudzagulire katundu wina, osati yomwe munagulira uyu. Amayi a mumsika waukulu izi amazidziwa popanda digiri, n'chifukwa chake m'mawa uliwonse amayamba aimba foni kufunsa mitengo asanayale.

Komanso musasunge mpamba wonse ngati ndalama kwa nthawi yaitali. Katundu wosaola ali pashelefu amakwera ndi mitengo, pomwe ndalama ili mufoni imangofooka.

Aliyense akuti ndalama zili kooda ku Tanzania. Ndipite?

Mzuzu ili ndi mwayi umenewu kuposa Blantyre, n'zoona. Msewu wa M1 umakutengani kudutsa Ekwendeni, kutsika Chiweta, kufika Karonga mpaka pachipata cha Songwe. Kutsidya kuli Kasumulu ndi Kyela, kenako Mbeya, ndipo olimba mtima amakafika ku Kariakoo mu Dar es Salaam. Msika wa Taifa unakula ndi njira imeneyi.

Koma werengani zonse musanakwere basi: thiransipoti yopita ndi yobwera, pogona, chakudya, kusintha kwacha kupita ku shilingi, msonkho wa MRA pachipata, onyamula katundu. Ngati mpamba wanu ndi wochepa, zonsezi zimadya phindu musanafike n'komwe pa Chiweta pobwerera. Poyamba ndi bwino kupikula kwa amene amapita kale, kapena kusonkherana anthu angapo n'kutuma mmodzi. Mudziwa kaye chomwe chimayenda malonda.

Padzapezeka wina wokuuzani kuti akudziwa njira yozemba pachipata. Tsiku lomwe katunduyo adzagwidwe, iyeyo foni yake idzakhala yozima. Kumbukiraninso zomwe zinachitika mu 2025: boma lathu litaletsa kulowetsa katundu wina wakunja, Tanzania nayo inatseka njira ya zokolola zathu mu April, ndipo amalonda anagwira njakata mpaka maboma awiriwa atakambirana. Bizinesi yodalira chipata chimodzi imagona ndi diso limodzi.

Kodi kulembetsa bizinesi n'kofunika pomwe ndikungoyamba?

Ngati mukugulitsa mazira kwa anthu a m'dera lanu, yambani mwaona kaye ngati malonda alipo. Koma tsiku lomwe mudzafune kugulitsa ku sukulu, ku hotela, ku bungwe kapena ku boma, adzakufunsani mapepala, ndipo mwayi sudikira kuti mukawakonze.

Dzina la bizinesi limalembetsedwa kwa Registrar General, ndipo masiku ano zambiri zimatheka pa intaneti. Mungathe kulembetsa ngati munthu mmodzi, ngati anthu ogwirizana, kapena ngati kampani ya limited pansi pa lamulo la makampani la 2013. Kusiyana kwake kwakukulu n'koti mukalembetsa dzina chabe, ngongole ya bizinesi ndi yanu ndithu, angathe kukulandani ndi katundu wa m'nyumba. Kampani ya limited imaima payokha, koma ili ndi zofunika zambiri chaka ndi chaka. Kwa ambiri ongoyamba, dzina la bizinesi ndi lokwanira.

Mukatero mutenge TPIN, nambala ya wolipira msonkho, ku MRA, mutsegule akaunti ya kubanki m'dzina la bizinesiyo, ndipo ngati muli ndi malo ogulitsira, layisensi ya khonsolo ya mzinda. Opanga zakudya ndi zakumwa, monga uchi, yogati, chiponde kapena juwisi, afunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards kuti katundu wawo alowe m'masitolo akuluakulu. Apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi, chifukwa a MBS amayendera malo opangira, ndipo khitchini ya panyumba ya lendi siidutsa mosavuta. Ofuna kupikisana pa matenda ogulitsa katundu ku boma alembetsenso ku PPDA, bungwe loona za kagulidwe ka katundu wa boma.

Musalipire madobadoba pa zinthu zomwe mungathe kuchita nokha. Munalemba disseteshoni, fomu singakukanikeni.

Ndapatsidwa LPO, chikalata choodera katundu, yoti ndipereke katundu ku ofesi ina. Ndikabwereke ndalama kuti ndikwanitse?

Funsani kaye amene anaperekako katundu kumeneko kuti analipidwa patapita nthawi yaitali bwanji. Musafunse amene wakupatsani LPO, iyeyo anena kuti "masabata awiri basi". Maofesi ena amalipira m'nthawi yake, ena miyezi imatha muli "tikudikira fandingi", uku ngongole yanu ikubereka mwezi ndi mwezi. Achinyamata ambiri amene mabizinesi awo anagwa sanagwe chifukwa chosowa makasitomala. Anagwa ndi oda yaikulu imodzi yomwe inalipidwa mochedwa.

Dziwaninso kuti polipira amadulako msonkho wa withholding, choncho ndalama yofika m'manja mwanu siikhala yomwe ili pa invoisi. Muziitanitsa satifiketi yosonyeza kuti adula, chifukwa imakuthandizani powerengera msonkho wanu ku MRA. Ndipo ngati wina akuti mumupatse "kenakake" kuti cheke chituluke, dziwani kuti mukangoyamba simudzasiya, ndipo lamulo limagwira wopereka ndi wolandira yemwe.

Makolo anga akuti ndawachititsa manyazi. Ndiwayankhe bwanji?

Mawu ake timawadziwa: "Mwanangu, tinagulitsa ng'ombe kuti uzikagulitsa tomato?" Musakangane nawo. Kwa iwo sukulu inali njira yothawira kumsika, ndiye kukuonani muli komweko kumawawa. Kuno kumpoto, komwe sukulu yakhala yolemekezeka kuyambira nthawi ya mishoni ya Livingstonia, mawu amenewa amalemera kwambiri. Mtsutso umenewu sumatha ndi pakamwa. Umatha mwezi womwe mwalipira fizi ya mng'ono wanu osapempha aliyense.

Vuto lenileni limabwera pambuyo pake, akavomereza. Tsopano ndinu "abwana a bizinesi", ndipo aliyense akudziwa kuti muli ndi ndalama m'thumba tsiku lililonse. Amalume adwala, azakhali akufuna feteleza, msuweni watenga thireyi ya mazira "ndikupatsa pamapeto pa mwezi". Kukana zonse simungathe, ndipo si umunthu. Chomwe mungachite ndi kudziikira malipiro. Sankhani ndalama yomwe muzidzilipira pamwezi, ndipo zothandiza abale zizichokera pamenepo. Ikatha yatha: "Pepani amalume, yanga yatha, yatsalayi ndi ya katundu." Khalani ndi manambala awiri, ina ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ya bizinesi, ina yanu. Ndipo chilichonse chotuluka mushopu chilembedwe, ngakhale mwatenga ndinu nomwe, ngakhale ndi sopo mmodzi.

Kwathu ndi ku Dedza, ndinangobwera kudzaphunzira. Popanda Chitumbuka ndingachite malonda?

Mungathe. Mumzinda muno Chichewa chimamveka paliponse, ndipo mumsika mumamva Chitumbuka, Chitonga, Chinkhonde, Chilambya ndi Chiswahili tsiku limodzi. Koma ngati mukukagula mbewu, uchi kapena nkhuku kumidzi ya ku Mzimba kapena ku Rumphi, phunzirani kupereka moni ndi kutsatsa malonda m'chiyankhulo cha eni dera. Adzakusekani masiku oyamba, kenako adzayamba kukusungirani katundu.

Ndichite lendi shopu mutauni?

Osathamanga. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 221,272 mu Mzuzu, pomwe Blantyre inali ndi oposa 800,000. Msika wathu ndi waung'ono, ndipo eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu musanalowe. Ndalama imeneyo ikanakhala katundu. Ambiri akugulitsira pa WhatsApp ndi Facebook, katundu ali kunyumba ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa, wakabaza n'kumakasiya. Ubwino wa tauni yaing'ono ndi womwewo: mbiri imayenda msanga. Kuipa kwake n'komwekonso.

Mukafika pofuna malo, yang'anani amene amadutsapo, osati kukongola kwa nyumba. Ku Luwinga malonda amayenda ndi kalendala ya Mzuni: ophunzira akatsegulira, osindikiza mapepala ndi ophika chipisi sapuma, akatsekera kumangoti zii. Ngati simunasunge ya lendi ya miyezi ya holide, mutseka nawo limodzi. Nyengo nayo muziiwerengera. Mvula ya kuno imachedwa kusiya, ndipo woumitsa chinangwa kapena woumba njerwa amaidziwa bwino. Majuzi ndi majekete a kaunjika aodedwe June asanafike, chifukwa chisanu chikayamba aliyense amakhala atayala kale.

Mnzanga wa kukoleji akuti tiyambe limodzi. Zili bwino?

Zimatheka, makamaka ngati wina ali ndi luso, wina ali ndi pakamwa potsatsa. Koma lembani papepala: aliyense waika zingati, agwira ntchito yanji, phindu muzigawana liti, ndipo wina akapeza ntchito ku Lilongwe gawo lake litani. Funso lomalizali ndi lomwe limaphwanya maubwenzi ambiri. Lembani pano pomwe mukusekerana.

Kuli komwe ndingapeze upangiri kapena maphunziro a bizinesi?

Mzuzu E-Hub imathandiza achinyamata oyamba mabizinesi, ndipo TEVETA ili ndi maphunziro a ntchito zamanja omwe ngakhale wa digiri angapindule nawo. Amene ali m'zaulimi aphunzirepo kanthu pa makopaletivi. Khofi wa Mzuzu amadziwika mpaka kunja chifukwa alimi ang'onoang'ono a ku Misuku, Phoka, Viphya ndi mapiri a Nkhata Bay anagwirizana n'kumagulitsa pansi pa dzina limodzi.

Chenjezo langa ndi limodzi. Pali achinyamata amene asanduka akatswiri a mawekishopu: satifiketi khumi, zithunzi pa Facebook atanyamula maikolofoni, mpikisano uliwonse wa mapulani a bizinesi alipo, koma chaka chatha osagulitsa kanthu. Ngati maphunziro akukuchotsani pamalonda sabata yathunthu, dzifunseni ngati mukupitira nzeru kapena alawansi.

Ngongole ya Loans Board imandikhudza ngakhale sindili pantchito yolembedwa?

Inde. Bungwe loona za ngongole za ophunzira a m'makoleji, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, limayembekezera kuti aliyense amene anatenga abweze, kaya ali pantchito kaya akudzilemba yekha. Kwa olembedwa ntchito amadula kumalipiro. Inu mufunika kupita nokha kukagwirizana nawo za kabwezedwe. Ndalama imeneyo ndi yomwe akudikira ang'ono anu ali m'kalasi pano.

Nanga zaka zinayi zija zinapita pachabe?

Ngati mukuganiza kuti digiri ikukwezerani mtengo wa mpunga, inde zinapita. Kasitomala safunsa giredi. Pomwe sukulu imaonekera ndi pena: kulemba kotesheni yooneka bwino, kuwerenga kontirakiti musanasaine, kusunga mabuku, kufufuza pa intaneti chomwe chikupha anapiye anu, kulowa mu ofesi ya bwana wamkulu osanjenjemera. Ndiponso anzanu a m'kalasi aja ali m'mabanki, m'masukulu ndi m'mabungwe m'dziko lonse lino, ndipo ndiwo makasitomala anu oyamba ngati simuchita manyazi kuwauza chomwe mukugulitsa.

Pomwe digiri imapweteka ndi pa matama. Wophunzira amafuna kuyamba ndi ofesi, chidindo, logo ndi wantchito, pomwe sanagulitsepo kanthu. Amanyansidwa kusenza thumba, ndiye amalemba mnyamata amene pakutha pa miyezi itatu akuidziwa bizinesiyo kuposa mwini wake, n'kukatsegula yake kutsidya kwa msewu. Chaka choyamba gwirani nokha chilichonse, kuyambira kooda mpaka kotolera ngongole.

Ntchito yapezeka pomwe bizinesi yayamba kuyenda. Ndisiye iti?

Tsegulani kope lanu. Onani ndalama yomwe mwakhala mukudzilipira miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, osati ya mwezi umodzi womwe zinayenda bwino, ndipo muiyerekeze ndi malipiro omwe akukulonjezani akachotsa msonkho. Kumbali ya ntchito onjezerani penshoni, chifukwa lamulo limati bwana aziika 10 peresenti, inu 5 peresenti, komanso kuti payslip imatsegula zitseko kubanki. Kumbali ya bizinesi onani ngati ikukula kapena yaima pamodzimodzi.

Ambiri amasankha kugwira zonse ziwiri n'kusiya mlongo kapena msuweni pashopu. Zimayenda pokhapokha ngati ntchitoyo ili mu Mzuzu momwe muno, mukuwerenga katundu sabata iliyonse, ndipo wachibaleyo akulandira malipiro enieni monga wantchito wina aliyense. Ngati akukutumizani ku Chitipa kapena ku Nsanje ndipo mulibe munthu amene anagwirapo nanu ntchitoyi kwa miyezi ingapo, gulitsani katundu yense mukadalipo, tolerani ngongole zanu, lipirani eni nyumba, ndipo mukadziwitse a MRA ndi a khonsolo kuti mwayamba mwaima kuti misonkho isamawerengedwe pa shopu yotseka.